Makiyi a dziko asunge ndani? Kuyerekeza njira zogawira mphamvu za boma

Gulu la banki m'khonde la kwathu limakumana Lachinayi masana pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa tchalitchi. Bokosi lawo ndi lachitsulo ndipo lili ndi maloko atatu. Kiyi mmodzi amasunga azakhali anga, amam'manga pamfundo ya chitenje. Makiyi ena awiri ali ndi amayi a mbali zina za mudzi. Bokosilo limagona kwa mayi wachinayi amene alibe kiyi ndi mmodzi yemwe. Wolemba m'kaundula ndi wina, owerenga ndalama ndi ena awiri, ndipo amawerenga mokweza gulu lonse likuona. Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Kodi azakhali, ndiye kuti simukhulupirirana?" Anandiyang'ana modabwa. "Timakhulupirirana, mwana wanga. Koma njala ikalowa m'nyumba mwezi wa Febuluwale, munthu wabwino yemweyo amayamba kuganiza zina. Malokowa amatiteteza tonse, ndi wosunga bokosi yemwe."

Malamulo oyendetsera dziko, amene ena amangoti konsitityushoni, ndi pangano la mtundu womwewu. Amanena kuti bokosi ndi la ndani, makiyi alipo angati, asunge ndani, ndipo wosungayo akayamba zosayenera achotsedwe bwanji. Montesquieu wa ku France analemba mu 1748 kuti kupanga malamulo, kuyendetsa boma ndi kuweruza milandu zisakhale m'manja amodzi, ndipo lero maiko ambiri amavomereza zimenezi. Pamene amasiyana ndi pa kagawidwe kake. Kusiyanako n'kofunika kuti tikudziwe, chifukwa kuno kwathu chisankho chikangotha nkhaniyi imabuka. Ena amati tikhale ndi nduna yaikulu, ena amati ulamuliro wa m'zigawo, ena amati tingodula mphamvu za pulezidenti basi.

Zimene tinapangana mu 1994

Amene analemba malamulo athu anali atangotuluka m'zaka 30 za ulamuliro wa munthu mmodzi. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Munthu ankatsekeredwa ku Mikuyu zaka ndi zaka osaonekera kukhoti. Orton Chirwa, loya amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 pamodzi ndi mkazi wake Vera, m'khoti la mafumu momwe loya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Pa 14 Juni 1993 pa riferendamu anthu 63 pa 100 alionse anavotera nyali ya matipate, kukana tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo pa 18 Meyi 1994, tsiku lotsatira chisankho choyamba cha matipate, malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito. Poyamba anali ongoyembekezera kwa chaka chimodzi, anakhazikika mu 1995.

Mantha a zaka zimenezo amaoneka m'zigawo zoyambirira. Gawo 5 limati lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi malamulo aakuluwa chilibe mphamvu. Gawo 12 ndi limene ndimalikonda kwambiri. Limati mphamvu zonse zimachokera kwa anthu a Malawi, ndipo amene ali paudindo angosungizidwa mphamvuzo, monga momwe munthu amasungizira mbuzi kwa mnansi. Katundu wosungizidwa mwini amatha kufunsa kuti ali bwanji, amathanso kukam'tenga. Gawo lomwelo limanena kuti palibe munthu kapena bungwe lili pamwamba pa lamulo. Zigawo 7, 8 ndi 9 zimapatsa nthambi iliyonse ntchito yake: pulezidenti ndi nduna zake kuyendetsa boma, Nyumba ya Malamulo kupanga malamulo, makhoti kumasulira ndi kuteteza malamulowo mosayang'ana nkhope. Mutu 4 wonse ndi wa ufulu wa anthu.

Pa mfundo zimenezi sindikuona chokangana. Choncho poyeza njira zili m'munsizi ndikhala ndikufunsa funso limodzi lokha: m'njira imeneyi, ndani angauze mtsogoleri kuti ayi, nanga wonena ayiyo nsima yake imachokera kwa yani?

Njira ya ku Britain, boma lobadwira m'nyumba ya malamulo

Ku Britain anthu savotera nduna yaikulu. Amavotera phungu wa dera lawo m'madera 650, ndipo mtsogoleri wa chipani chimene chili ndi aphungu ochuluka ndiye amapanga boma. Mfumu ndi mutu wa dziko koma siilamula. Nduna zimachokera m'nyumba ya malamulo momwemo, ndipo Lachitatu lililonse nyumba ikamakumana nduna yaikulu imaimirira kuyankha mafunso a aphungu pamaso pa dziko lonse.

Ubwino waukulu wa njirayi ndi woti mtsogoleri akalephera sudikira zaka zisanu. Mu Malichi 1979 boma la James Callaghan linagwa chifukwa cha voti imodzi yokha ya aphungu. Margaret Thatcher analamula zaka 11, napambana zisankho zitatu, koma mu Novembala 1990 aphungu a chipani chake atamutembenukira anatula pansi udindo. Liz Truss mu 2022 sanakwanitse miyezi iwiri. Munthu amene wakhalapo pamzere wa mafuta usiku wonse, akuwerenga zaka zotsala kuti chisankho chifike, angasirire ndithu zimenezi.

Koma taonani kumene kuli makiyi. Boma ndi aphungu ochuluka ndi anthu amodzimodzi, ndiye kuti makiyi awiri ali m'thumba limodzi. Chotetezera chenicheni ndi chipani cholamula, ngati chili ndi mtima wochotsa mtsogoleri wake. Ife njirayi tinailawapo. Pa 6 Julaye 1964 tinalandira ufulu Kamuzu ali nduna yaikulu. Patangopita miyezi iwiri anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo Henry Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo. Kamuzu anaitanitsa aphungu kuti avote ngati akumukhulupirirabe, iwo anavomera. Panalibe loko wina woti agwire. Patatha zaka ziwiri, nyumba yomweyo inavomereza malamulo a chipani chimodzi. Tikayang'ana zipani zathu za lero, zimene zambiri zimakhala ngati munda wa amene anaziyambitsa kapena amene amazigulira nsalu ndi mafuta a kampeni, ndi phungu uti angadzuke n'kunena kuti bwana achoke?

Vuto lina ndi la maboma a mgwirizano osakhalitsa. Lesotho anachita zisankho mu 2012, 2015 ndi 2017, katatu m'zaka zisanu, migwirizano ikungophwasuka. Komabe Mauritius wayenda ndi njira yomweyi chiyambire 1968, maboma akusinthana mwamtendere.

South Africa, dziko limene ambiri tili ndi abale ku Johannesburg ndi ku Durban, anatenga njirayi n'kuisintha pang'ono. Anthu amavotera chipani, mipando 400 imagawidwa molingana ndi mavoti a chipani chilichonse, kenako aphungu amasankha pulezidenti, ndipo angathe kum'chotsa ngati oposa theka avota kuti sakumukhulupiriranso. Thabo Mbeki anachoka mu 2008, Jacob Zuma mu Febuluwale 2018, onse awiri nthawi yawo isanathe. Koma amene anawachotsa ndi akuluakulu a chipani chawo cha ANC. Kumeneko mpando ndi wa chipani, phungu akachotsedwa m'chipani mpando wapita. N'chifukwa chake Zuma anapulumuka mavoti angapo ofuna kum'chotsa, mpaka mu Malichi 2016 khoti loona za malamulo aakulu linanena kuti pa nkhani ya ndalama zimene zinathera kunyumba yake ya ku Nkandla, aphungu analephera ntchito yawo yoyang'anira pulezidenti. Zinthu zinasintha mu 2024 pamene ANC inapeza mipando 159 yokha n'kukakamizika kupanga boma ndi zipani zina. Kuno kwathu zikanakhala choncho pafupifupi nthawi zonse. Mu 1994 UDF inali ndi aphungu 85 mwa 177, MCP 56, AFORD 36. Pulezidenti akanakhala wochita kukambirana, ndipo ichi ndi chinthu chimodzi chimene chimandikopa pa njirayi.

Njira ya ku America, ndi yathu imene imafanana nayo theka

Malamulo a United States, olembedwa ku Philadelphia mu 1787, anaika makiyi m'matumba osiyana kwenikweni. Pulezidenti amasankhidwa payekha kwa zaka zinayi, ndipo chiyambire 1951 sangasankhidwe koposa kawiri. Nyumba ya malamulo ili pawiri, ina ya aphungu 435, ina ya maseneta 100. Phungu akapatsidwa unduna amasiya mpando wake. Nduna ndi majaji amene pulezidenti wasankha sayamba ntchito maseneta asanavomereze, ndipo ndalama za boma sizituluka aphungu asanalole. Kuipa kwake ndi kukanganirana chiwongolero. Kuyambira Disembala 2018 mpaka Januwale 2019 maofesi ambiri a boma anatsekedwa masiku 35, antchito osalandira malipiro, chifukwa pulezidenti ndi aphungu sanagwirizane pa bajeti.

Ife timati tili m'gulu limeneli, ndipo pa zina n'zoona. Pulezidenti timamusankha tokha, amalamula zaka zisanu, ndipo Gawo 83 limamulola maulendo awiri otsatizana. Iye sangathetse Nyumba ya Malamulo, nyumbayo nayo singam'chotse pongomuda, pafunika mlandu waukulu ndi mavoti a aphungu awiri mwa atatu alionse. Maloko amenewa anagwirapo ntchito anthu akuona. Mu Julaye 2002 bilu yochotsa malire a maulendo a pulezidenti, nthawi ya Bakili Muluzi, inalephera ndi mavoti atatu okha. Mu Epulo 2012 Bingu wa Mutharika atamwalira, ena anafuna kulambalala Joyce Banda poti anali atachotsedwa m'chipani cholamula, koma malamulo anali atanena kale kuti wachiwiri ndiye amatsiriza nthawi yotsala, ndipo pa 7 Epulo analumbira. Anzathu a ku Zambia panthawiyo analibe dongosolo lotero. Levy Mwanawasa atamwalira mu 2008 ndi Michael Sata mu 2014 anachita zisankho zapadera zodula, mpaka mu 2016 anasintha malamulo kuti pulezidenti aziima pamodzi ndi wachiwiri wake.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Tinatenga pulezidenti wosachotseka msanga wa ku America, koma tinasunganso mwambo wa ku Britain woti nduna zizitengedwa pakati pa aphungu. Ku Britain mwambowu uli ndi mankhwala ake, aphungu angagwetse boma tsiku lililonse. Ku America nthawi yokhazikika ya pulezidenti ili ndi mankhwala akenso, aphungu sayembekezera unduna ali pampando. Ife mbali zonse ziwiri tinatengako chokomera pulezidenti, mankhwala ake n'kuwasiya. Zotsatira zake aliyense amaziona. Chisankho chikangotha, aphungu oima paokha amayamba kulengeza mmodzimmodzi kuti anthu a kudera kwawo awatuma kukagwira ntchito ndi boma kuti chitukuko chifike. Phungu amene m'maganizo mwake muli galimoto ya mbendera, nyumba ya boma ndi maulendo akunja, sangafunse funso lolasa pa bajeti. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo malamulo athu anamangirira phungu pakhomo pa pulezidenti.

Gawo 65 linaikidwa kuti litseke khomo limeneli, phungu wosiya chipani chimene anapambanira n'kulowa china ataye mpando. Mu 2005 Bingu atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, aphungu ambirimbiri anawolokera mbali ya boma. Mu Juni 2007 khoti lalikulu la apilo linanena kuti gawoli ndi lovomerezeka. Otsutsa boma anati sakambirana bajeti Sipikala asanagwiritse ntchito gawolo, owoloka anathamangira kukhoti kukatenga ziletso, bajeti inachedwa miyezi, ndipo itangodutsa nyumba inatsekedwa. Aphunguwo anafika nayo mipando yawo pa chisankho cha 2009.

Panali maloko ena awiri amene sanakhalitse n'komwe. Gawo 64 linkalola ovota kuchotsa phungu wawo nthawi isanakwane, aphungu analifafaniza mu 1995. Panalinso nyumba yachiwiri ya maseneta 80, mmodzi wochokera m'boma lililonse, mfumu imodzi ya m'boma lililonse, ndi ena oimira magulu monga amayi, olumala, alimi ndi mipingo. Nyumbayi sinakumanepo ndi tsiku limodzi lomwe, inachotsedwa mu 2001 ponena kuti ndi yodula. Onani kuti maloko onse awiriwa anali oti agwire aphungu ndi boma, ndipo anachotsedwa ndi omwewo amene anayenera kugwidwa.

Nkhani ya wachiwiri kwa pulezidenti ili ndi nkhope ziwiri. Popeza amasankhidwa ndi anthu, pulezidenti sangam'chotse. Cassim Chilumpha, Joyce Banda ndi Saulos Chilima onse anasemphana ndi mabwana awo ali paudindo, ofesi n'kukhala yopanda ntchito kwa zaka. N'zowononga ndalama ndi nthawi, komabe ine sindingavomere kuti pulezidenti apatsidwe mphamvu yochotsa wachiwiri wake. Tsiku lija la mu Epulo 2012 linatiphunzitsa ntchito ya loko ameneyu.

Kenya ndiye anayesa kukonza vuto lofanana ndi lathu. Malamulo awo a 2010 amati nduna isakhale phungu, nduna zisachepere 14 ndipo zisapitirire 22, ndiponso iliyonse ivomerezedwe ndi nyumba ya malamulo. Sikuti zonse zinalongosoka, atsogoleri a kumeneko amapezabe njira zokokera otsutsa kumbali yawo, ndipo nduna yosakhala m'nyumba imafuna lamulo lolimba loikakamiza kubwera kudzayankha. Koma pulezidenti sangalenge maunduna ochuluka ongogulira mavoti a aphungu.

Pulezidenti ndi nduna yaikulu pamodzi

Njira yachitatu sindikhalitsapo. Ku France chiyambire 1958 kuli pulezidenti komanso nduna yaikulu imene aphungu angathe kuigwetsa. Chipani cha pulezidenti chikaluza mipando, amakakamizika kugwira ntchito ndi nduna yaikulu yochokera kwa otsutsa, monga François Mitterrand ndi Jacques Chirac mu 1986, kapena Chirac ndi Lionel Jospin kuyambira 1997 mpaka 2002. Kumeneko udindowu uli ndi mano. Kwa anansi athu a ku Mozambique ndi Tanzania nduna yaikulu iliko, koma amaisankha ndi kuichotsa ndi pulezidenti, mphamvu zenizeni zili kwa iye. Ku Kenya mu 2008 ndi ku Zimbabwe mu 2009 udindowu unapangidwa pozimitsa moto wa zisankho zokanganirana, Raila Odinga pambali pa Mwai Kibaki, Morgan Tsvangirai pambali pa Robert Mugabe, ndipo konse kuwiri unatha mu 2013. Ife amene takhala tikulephera kugwirizanitsa pulezidenti ndi wachiwiri wake, kuwonjezera ofesi yachitatu pamwamba kungangochulukitsa mdipiti wa galimoto ndi mikangano.

Kuchoka ku Capital Hill kutsikira kumudzi

Mphamvu sizigawidwa pamwamba pokha. Pali funso lina loti zingati zikhale ku likulu, zingati zitsikire kumene anthu amakhala. M'maiko a chitaganya monga United States wa zigawo 50, Germany wa 16 ndi Nigeria wa 36, chigawo chilichonse chili ndi mtsogoleri wake ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo pali ntchito zimene boma lalikulu silingalande.

Mawu akuti chitaganya kwa ife ali ndi fungo loipa, poti amatikumbutsa cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, chimene makolo athu analimbana nacho ena n'kutaya miyoyo. Koma si bwino kuthawira ku mbiri imeneyi pofuna kutseka pakamwa anthu amene akhala akuitanitsa ulamuliro wa m'zigawo, makamaka chisankho cha 2014 chitatha. Dandaulo lawo ndi lenileni. Munthu wa ku Chitipa, ku Likoma kapena ku Nsanje amaona kuti msewu, chipatala ndi malo a ku yunivesite zimadalira kuti amene ali ku Lilongwe akumukumbukira kapena ayi, ndipo kukumbukirako nthawi zambiri kumatsata mmene dera linavotera.

Chimene ndikukayikira ndi mankhwala a zigawo zitatu. Mu 1994 tinavota ngati tajambula mizere pamapu, kumpoto Chakufwa Chihana, pakati Kamuzu, kummwera Muluzi. Zigawo zitatu zodzilamulira zingaumitse mizere imeneyi, chipani chilichonse n'kukhala ndi dziko lakelake, ndipo wa mtundu wochepa m'chigawomo angapeze kuti wangosintha womupondereza. Nigeria anayamba ndi zigawo zitatu zikuluzikulu mu 1960, nalowa m'nkhondo ya Biafra kuyambira 1967 mpaka 1970, ndipo njira imene anapeza inali yodula zigawozo kuti zikhale zing'onozing'ono zambiri. Palinso funso la ndalama. Misonkho yambiri imatoleredwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, choncho popanda lamulo lolimba la kagawidwe, chigawo chosauka chingatsale ndi nyumba ya malamulo yake koma chopanda mankhwala m'zipatala.

Kenya anasankha njira ya pakati. Anagawa dziko m'madera 47, lililonse ndi gavanala wosankhidwa ndi anthu komanso khonsolo yake, ndipo malamulo aakulu amalamula kuti maderawa alandire ndalama zosachepera 15 pa 100 za zimene boma latolera. Dongosololi linayamba mu 2013. Katangale naye anatsikira kumaderako, magavanala ena anachotsedwa, ena anazengedwa milandu. Koma gawo la ndalama lija silidalira kuti dera linavotera ndani.

Ife tinalonjezana mphamvu ku anthu mu 1998. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala mpaka mu Meyi 2014. Mu 2010 lamulo la makhonsolo linasinthidwa kuti bwanamkubwa azisankhidwa ndi nduna ndiponso kuti aphungu azivota m'makhonsolo. Kenaka panakula nkhani ya thumba la chitukuko la CDF, limene linasandutsa phungu kukhala womanga milatho ndi midadada ya sukulu. Amene ntchito yake ndi kufunsa mmene ndalama zayendera anakhalanso woyendetsa ndalamazo, wosunga kiyi n'kukhala wosunganso bokosi. Mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti zimenezi zikutsutsana ndi kugawana mphamvu kumene malamulo aakulu amafuna. Tinganene bwanji kuti makhonsolo alephera, pamene sitinawapatsepo mpata wokwanira?

Loko amene wagwira kwambiri

M'njira zonsezi makhoti sakhala ndi mphamvu zofanana. Ku Britain khoti silingafafanize lamulo lopangidwa ndi nyumba ya malamulo. Ku America makhoti akhala akutero chiyambire mlandu wa Marbury ndi Madison mu 1803, ndipo athu anapatsidwa mphamvu imeneyi poyera. Pa 3 Febuluwale 2020 dziko lonse linakhala pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka usiku, m'minibasi, m'magolosale, m'maofesi, kumvera majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo, akuwerenga chigamulo chofafaniza chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, chija cha tipeksi. Mu Africa ndi Kenya yekha amene anali atachitapo zotere, mu 2017. Khoti la apilo linavomereza pa 8 Meyi, tinavotanso pa 23 Juni. Chigamulo chomwecho chinamasulira Gawo 80 kuti wopambana apeze mavoti oposa theka. Kale munthu ankalowa ku nyumba ya chifumu ndi mavoti 36 pa 100, monga zinachitikira mu 2004 ndi mu 2014, ndipo aphungu anali atakana bilu ya 50+1 mu Disembala 2017.

Ndimanyadira tsiku limenelo, komabe sindigona nalo tulo. Mu 2001 aphungu anayesa kuchotsa majaji atatu. Mu Juni 2020, chisankho chobwereza chili pafupi, boma linafuna kutumiza mkulu wa majaji Andrew Nyirenda kutchuthi choyembekezera kupuma, khoti n'kuletsa. Ndalama zoyendetsera makhoti zimadutsa kwa nthambi yomweyo imene makhotiwo amaiweruza. Ndipo pamene milandu ya andale imamveka pa wailesi, m'ndende muli anthu osauka amene akhala miyezi ndi zaka akudikira tsiku lawo la kukhoti. Kuti nkhani iliyonse ya ndale izikathera kwa majaji, ndi chizindikiro choti maloko enawo achita dzimbiri, ndipo loko mmodzi akamagwira yekha, akuba onse amalimbana ndi iyeyo.

Nditasankha ine

Voti yosankha pulezidenti mwachindunji sindingaisiye. Anthu anaivutikira, ndipo lamulo la 50+1 layamba kukakamiza ofuna mpando kukapempha mavoti kunja kwa chigawo cha kwawo. Kuipereka kwa aphungu, zipani zathu zili mmene zililimu, kungakhale kuipereka kwa anthu ochepa amene amalamula zipanizo. Nduna yaikulu sindikuifuna. Chitaganya cha zigawo zitatu ndikuchiopa, ngakhale ndikumva kulira kwa amene akuchifuna.

Chimene ndingabwereke ndi cha ku Kenya, pawiri. Phungu amene wapatsidwa unduna asiye mpando wake, chiwerengero cha nduna chikhale ndi malire olembedwa, ndipo nduna iliyonse idutse m'manja mwa aphungu isanalumbire. Kenaka gawo la ndalama zopita ku makhonsolo lilembedwe m'malamulo aakulu, makhonsolowo azilemba okha ntchito bwanamkubwa, phungu abwerere ku ntchito yake yofunsa mafunso. Ndingawonjezere kuti mkulu wa bungwe lothana ndi katangale, mkulu wa apolisi ndi wowerengera chuma cha boma asamayambire pa dzina limene pulezidenti wasankha yekha, poti onsewa tsiku lina amayenera kufufuza anthu a pulezidentiyo. Gawo 64 nalo libwerere, koma lokhala ndi mpanda wolimba kuti woluza chisankho asaligwiritse ntchito pobwezera mwezi wotsatira.

Zambiri mwa nkhanizi si zachilendo. Mu 2006 ndi 2007 bungwe la Law Commission linachititsa misonkhano ikuluikulu younikanso malamulo aakulu, anthu anapereka maganizo, lipoti linatuluka mu 2007, ndipo zambiri za m'lipotilo zikudikirabe. Zigawo zina za malamulowa, monga za ufulu wa anthu, sizisinthika popanda riferendamu malinga ndi Gawo 196. Zotsalazo Gawo 197 limafuna aphungu awiri mwa atatu alionse. M'nyumba ya aphungu 229 imene tinasankha pa 16 Sepitembala 2025, ndiye kuti pafunika aphungu 153 ovomera kuti iwo eni asadzakhalenso nduna ali pampando, asagwirenso ndalama za chitukuko, ndiponso kuti ovota athe kuwaitanitsa kumudzi nthawi isanakwane. Phungu wa kwanu akadzabwera pamaliro kapena pa mpira wa chikho chake, m'funseni mwaulemu ngati angakhale mmodzi wa 153 amenewo, ndipo ayankhe anthu akumva.